Mwana wapeza 154 pa LSAT, sukulu ya zamalamulo yamulonjeza theka la fizi: apite chaka chino kapena adikire?

Mayi a Tadala:
Moni nonse apagulu. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali usiku uno, koma kunyumba kuno sitikumvana. Mwana wathu woyamba, Tadala, akumaliza digiri yake mu Meyi muno mu Indiana, ndipo mtima wake uli pa zamalamulo. Mayeso a LSAT, olowera kusukulu ya zamalamulo muno mu America, analemba mu Novembala, anapeza 154. GPA yake, avareji ya magiredi ake, ndi 3.5. Mafomu anatumiza Khirisimasi itangodutsa, ndiye sukulu imodzi yayankha kale kuti yamutenga ndiponso imuchotsera theka la fizi. Bambo ake kalatayo anaisindikiza n'kuimata pa firiji, ndipo abale onse ku Ntcheu amva kale kuti m'banja muno mukutuluka loya. Koma mwini wakeyo akuti akufuna adikire chaka chimodzi kuti alembenso mayesowo. Ine mutu waima. Munthu angakane bwanji malo oti wapatsidwa kale? Amene mukuzidziwa zimenezi, chonde tithandizeni nzeru.

Bambo Mbewe:
Mayi, choyamba tiyamike Mulungu. Chachiwiri, mwanayo apite basi. Ana a masiku ano akangoti ndipume kaye chaka chimodzi, chakacho chimasanduka zaka zisanu. Kenako mumva kuti pali chibwenzi, pali galimoto yangongole, za sukulu zija zaiwalika. Theka la fizi muno mu America si zamasewera.

Nachisale:
Ine ndangobwera kudzaimba nthungululu, zinazo ayankhe ophunzira. Tadala yemwe uja ankagona pa benchi kutchalitchi, lero akhale loya? Koma zaka zikuthamanga abale inu.

Chikondi wa ku Chicago:
Anti, mwagwira ntchito, mwanayo mwamulera bwino. Ndisananene maganizo anga, chonde tengani kalatayo muwerenge pamene akufotokoza za sikolashipu. Kodi alembapo kuti ndalamayo ipitirira pokhapokha akasunga GPA yakutiyakuti, kapena akakhala m'gulu la okhoza bwino m'kalasi? Nthawi zambiri zimenezi amazilemba kumapeto kwenikweni kapena pa tsamba lachiwiri.

Mayi a Tadala:
Tsamba lachiwiri lilipodi, bambo ake anamata loyamba lokha. Ndalipeza pansi pa makalata a magetsi. Kumunsi kwake, m'zilembo zing'onozing'ono, akuti ayenera kukhala ndi GPA ya 3.0 pakutha pa chaka chilichonse. Koma 3.0 kwa Tadala si nkhani, mwana ameneyu chiyambire koleji sanatsikepo kufika pamenepo.

Chikondi wa ku Chicago:
Pamenepo mpamene pagona nkhani yonse, Anti. 3.0 ya ku koleji ndi 3.0 ya kusukulu ya zamalamulo n'zosiyana kutalitali. Kumeneko magiredi a chaka choyamba amagawidwa mopikisana, amati curve. Pulofesa saloledwa kupereka A kwa aliyense amene walemba bwino. Sukulu imaikiratu kuti pakati pa kalasi pagwere pa giredi yakutiyakuti, ndiye ena akakwera, ena ayenera kutsika basi. Ngati sukuluyo inaika kuti pakati pakhale 2.8 kapena 2.9, ndiye kuti oposa theka la kalasi sangafike pa 3.0 ngakhale onse atamawerenga usana ndi usiku. Ndipo amene akupikisana nayewo si ana ogona ayi, aliyense kumene akuchokera anali wokhoza.

China n'chakuti maphunziro ambiri a chaka choyamba, monga contracts, torts ndi civil procedure, giredi yonse kapena pafupifupi yonse imachokera pa mayeso amodzi a kumapeto kwa semesita. Nthawi zambiri kulibe timayeso ta pakati tokupulumutsa. Ukadzuka ndi chimfine tsiku limenelo, miyezi inayi yonse yapita.

Sindikunena kuti Tadala sangakwanitse. Ndikungoti palibe munthu, ngakhale mwini wakeyo, angadziwiretu kuti adzagwera pati.

Yamikani:
Zimene akunena achemwali a Chikondizi zinandigwera ineyo. Sukuluyo sinditchula. Tinalowa ambiri ndi sikolashipu yamtundu umenewu, ndipo titayamba kuzolowerana m'pamene tinazindikira kuti ambirife atiunjika m'kalasi imodzi, kulimbirana magiredi omwewo. Mu Juni kunabwera imelo ya mizere itatu yokha yondiuza kuti ndalama ija yatha. Ndinaperewera pang'ono kwambiri. Zaka ziwiri zotsalazo ndinalipira fizi yonse ndi ngongole, ndipo mpaka lero ndikubwezabe. Kusamukira kusukulu ina ndi magiredi amenewo sikukanatheka, kusiya nako unali ululu chifukwa chaka chinali chitalowa kale.

Bambo Mbewe:
Pepa mphwanga. Koma nanga loya sunakhale? Mapeto ake unafika.

Yamikani:
Ndinafika ankolo, koma nyumba sindinagule, ndipo kumudzi ndimatumiza mochita kuwerengera.

Chikondi wa ku Chicago:
Ubwino wake zimenezi sizobisika, zili poyera kwa amene akudziwa koyang'ana. Bungwe la American Bar Association (ABA), limene limavomereza sukulu za zamalamulo muno, limalamula sukulu iliyonse kutulutsa lipoti lotchedwa Standard 509 chaka chilichonse mu Disembala. Lembani dzina la sukuluyo ndi 509 pa Google, lituluka. Ndi masamba ochepa chabe. M'menemo muona LSAT ndi GPA za amene anawatenga chaka chatha, fizi, kuchuluka kwa amene analandira thandizo, amene anasiyira panjira, ndiponso kabokosi konena kuti analowa ndi sikolashipu ya malamulo oterewa anali angati, nanga amene anawachepetsera kapena kuwalanda anali angati. Kabokosi kameneko muwerenge limodzi ndi bambo ake a Tadala.

Palinso malipoti ena awiri, lina la amene anakhoza mayeso a bar, opezera chilolezo chogwira ntchito ya uloya, lina la ntchito zimene omaliza anapeza patatha miyezi pafupifupi khumi. Pa la ntchitolo musayang'ane chiwerengero chonse cha olembedwa ntchito, chifukwa m'menemo muli ngakhale wogulitsa khofi. Yang'anani mzere wa ntchito zokhazikika, za tsiku lonse, zofuna kuti munthu akhale atakhoza bar. Amenewo ndiwo maloya.

Bambo a Tadala:
Ndaona kuti nkhani ya m'nyumba mwanga yafika pabwalo, ndiye nanenso ndilankhulepo. Chikondi mwanangu, ndamva zonse ndipo sindikutsutsa. Koma funso langa ndi ili: akadikira chaka, n'kulembanso, n'kupeza 154 yomweyo kapena kutsika, tidzati chiyani? Malo tataya, chaka tataya. Ine ndagwira mashifiti a usiku zaka zonsezi kuti mwana ameneyu asaime panjira. Komanso kusiyana kwa 154 ndi 160 ndi mapointi 6 okha. Chaka chathunthu chifukwa cha mapointi 6?

Nachisale:
Kkkk takulandirani achimwene. Mayi a Tadala, mwagwidwa.

Chikondi wa ku Chicago:
Ankolo, funso lanu ndi lomveka, ndipo mantha anuwo si achabe. Ndiyambe ndi la kutsika. Akalembanso, sukulu zimaona malikisi onse, koma imene zimapereka ku ABA ndi yapamwambayo, choncho ndi imenenso zimaganizira kwambiri. 154 yake siichoka. Amaloledwa kulemba kasanu pa zaka zisanu, ndipo kasanu ndi kawiri moyo wake wonse. Iye walemba kamodzi kokha.

Za mapointi 6 zija, LSAT imayambira pa 120 kulekezera pa 180, ndipo anthu ambiri amaunjikana chapakati, cha m'ma 150 oyambirira. Ndiye pamene pali Tadalapo, pointi iliyonse imene wakwera amadumpha khamu la anthu. Sukulu zimasamala kwambiri za LSAT ndi GPA ya wophunzira wapakati m'kalasi imene zatenga, chifukwa manambala amenewa amafalitsidwa ndipo amalowa m'kaundula wa U.S. News wosanja sukulu. Yale ndi Harvard zinalengeza mu 2022 kuti zasiya kutumizako manambala awo, komabe kaundulayo akutulukabe ndipo anthu akumuwerengabe. Mwana amene malikisi ake ali pamwamba pa pakati pa sukulu, sukuluyo imamufuna, ndipo imamukopa ndi ndalama. Amene ali pansi, ikamutenga amalipira. Kunena mosabisa, fizi ya amene ali pansi ndi imene imalipirira amene ali pamwamba.

Ndiye mapointi 6 amenewo akhoza kukhala kusiyana kwa kuchotseredwa theka la fizi kokhala ndi msampha ndi kuchotseredwa fizi yonse kopanda msampha, pa sukulu yomweyo kapena yoposa. Pa zaka zitatu ndi ndalama zoti ambirife sitingasunge ngakhale titagwira madabulo chaka chonse.

Mayi a Tadala:
Ndamufunsa mmene anakonzekerera. Akuti anangowerenga milungu yochepa chifukwa inali nthawi ya mayeso a kukoleji ndiponso ankagwira ntchito ku laibulale. Ine ndinkamuona pa tebulo la kukhitchini, foni ataitchera mphindi 35, ikalira iye n'kumenya tebulo chifukwa mafunso anayi kapena asanu atsala osayankha.

Yamikani:
Anti, zimenezo ndi nkhani yabwino. Munthu amene akutsala ndi mafunso chifukwa cha nthawi ndiye amakwera msanga, vuto lake si kumva koma liwiro. Mayesowa tsopano ali ndi zigawo zinayi za mphindi 35, koma zowerengedwa ndi zitatu: ziwiri zoyesa kaganizidwe, pamene amakupatsa kandime n'kukufunsa pamene mfundo yake yafooka, ndi chimodzi chowerenga nkhani zazitali n'kuyankha. Chachinayicho amangoyesera mafunso atsopano, koma sakuuza kuti ndi chiti. Chigawo cha logic games chimene chinatizunza ife anachichotsa mu Ogasiti 2024, ndiye asawononge nthawi ndi mabuku akale amene anthu amagawana. Pa webusayiti ya LawHub pali mayeso enieni akale, ena aulere. Azilemba athunthu ndi wotchi, kenako funso lililonse limene walakwa alikhalire pansi mpaka amvetse chifukwa chake yankho lakelo linali lolakwika. Zamalamulo safunsa ngakhale pang'ono, sizofunika kuloweza kanthu.

Che Jafali:
Salaam kwa nonse. Ndiwonjezere za nyengo, poti palibe wazikhudza. Sukulu zambiri muno zimatsegula mafomu mu Sepitembala ndipo zimayamba kutenga anthu pomwepo, sizidikira tsiku lotsekera. Amene watumiza mu Okutobala kapena Novembala amapeza mipando ndi thumba la sikolashipu zikadali zodzaza. Tadala anatumiza chaka chikutha, sikuchedwa koopsa, koma si msanganso. Akalemba mu Juni, n'kusiya Ogasiti ngati mwayi wachiwiri, mafomu ake akhoza kulowa sabata zoyambirira zenizeni. Ndiponso magiredi a semesita yomalizayi adzawerengedwa mu GPA yake. Zimenezi zimagwira pokhapokha digiri yoyamba isanatuluke, ikangotuluka GPA imene LSAC imawerengera yatsekeka, ngakhale atadzachita masters.

Mayi a Tadala:
LSAC ndiye ndaninso? Ndimayesa GPA ndi imene ili pa transcript ya koleji.

Che Jafali:
Ndi bungwe limene limalembetsa LSAT, mayi. Ndi lomwelonso limasonkhanitsa mapepala a mwana, ma transcript ndi makalata omuchitira umboni, n'kutumiza ku sukulu zonse zimene wafunsirako malo. Iwo GPA amaiwerengera mwa njira yawo. Ngati kosi ina analakwa n'kuibwereza, koleji ikhoza kufufuta giredi yoyambayo, koma iwo amawerenga zonse ziwiri. Makosi a ku community college, ngakhale amene anachita akadali ku high school, amalowanso. Ena amadabwa kuona nambala yawo yatsika, ena yakwera. Mumufunse kuti 3.5 akunenayo ndi ya kukoleji kapena ya LSAC.

Bambo Mbewe:
Inu mukuchulutsa masamu. Ngongole za boma zilipo, aliyense muno amaphunzira ndi ngongole. Akadzayamba ntchito adzabweza, maloya amalandira ndalama zankhaninkhani.

Chikondi wa ku Chicago:
Ankolo a Mbewe, zimenezo zasintha. Kale munthu ankatha kubwereka ku boma ndalama zonse za fizi ndi zodyera kudzera mu Grad PLUS. Lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 lathetsa ngongole imeneyi kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026. Ophunzira zamalamulo azibwereka zosapitirira $50,000 pachaka, ndipo zonse pamodzi $200,000. Pamene sukulu zina zotchuka fizi yokha ikupitirira $70,000 pachaka, lendi ndi chakudya tisanawerenge. Zotsalazo n'kupita kwa obwereketsa wamba, amene ine ndimawatcha katapila wovala suti, ndipo iwowo kawirikawiri amafuna kholo lisainire nawo. Ndiye ngongoleyo ikhala ya bambo ake a Tadala omwe.

Za malipiro, $225,000 imene mumaimva ndi ya mu 2025, ya oyamba ntchito m'makampani akuluakulu a maloya ku New York, Chicago ndi mizinda ina yotero, ndipo makampani amenewo amatenga kwambiri ku sukulu zochepa zapamwamba kapena okhoza kwambiri a sukulu zina. Ambiri amayambira pansi pa theka la ndalama imeneyo. Woimira boma pa milandu, woimira anthu osauka, wa kakampani ka maloya atatu m'tauni, onsewo ndi maloya enieni, koma ngongole ya $200,000 imawalemera.

Bambo a Tadala:
Kusainira ngongole ndiye ayi. Kumbuyo kwakeku kuli ang'ono ake awiri.

Limbani wa ku Lilongwe:
Pepani akuluakulu ndilowerere, nkhaniyi yandikhudza. Ine ndili kumudzi kuno, ndili ndi digiri ya zachuma. Kodi njira imeneyi ndi yotheka kwa ine? Kapena ndiyambe ndachita LLB, digiri ya zamalamulo, kuno?

Che Jafali:
Limbani, yamba wadzifunsa kuti ukufuna kudzaima m'khoti la dziko liti. Ngati ndi kwathu, phunzira kwathu. Nthawi yathu kusukulu ya zamalamulo ku Zomba sankatenga munthu wongochoka ku Folomu 4, umayenera kukhala utachitako chaka pa digiri ina kapena uli nayo kale digiri, kenako mayeso olowera, ndiye zaka zinayi. Iwe digiri uli nayo, kafunse zofunika za chaka chino. Wobwera ndi pepala lakunja samangofikira kuvala mkanjo, pali Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso ake.

Ngati ndi kuno, njira zilipo ziwiri. JD, digiri ya zamalamulo ya kuno ya zaka zitatu, imalola digiri ya phunziro lililonse, yakonso ya zachumayo. LSAC idzaunika transcript yako, koma m'malo mwa GPA amangolemba kuti superior, above average, average kapena below average, ndiye kulemera konse kumagwera pa LSAT. Ngongole za boma la America sungapeze chifukwa ndi za nzika ndi a green card. Njira inayo ndi imene ndinadzera ine: LLB kwathu, kenako LLM, masters ya zamalamulo ya chaka chimodzi, kuno. New York imalola anthu ochokera m'maiko a common law ngati Malawi kulemba bar akadzera njira imeneyi, bola mapepala awo aunikidwe kaye ndi bungwe la mayeso la kumeneko. Koma si ma state onse amalola, ndipo olemba ntchito ambiri amakonda JD. Ndilembere kumbali tikambirane, tisasokoneze nkhani ya Tadala.

Limbani wa ku Lilongwe:
Zikomo kwambiri Che Jafali, ndikupezani.

Nachisale:
Ine funso langa ndi lachibwana koma ndifunsebe. Mwana wa mnzanga wina anagwidwapo ndi mowa kukoleji asanakwane zaka 21, analipira faindi nkhani n'kutha. Pa mafomu amenewa azinene?

Chikondi wa ku Chicago:
Si lachibwana Anti, limeneli lagwetsa anthu. Fomu iliyonse ili ndi mafunso a khalidwe: unamangidwapo, unalangidwapo kusukulu, unachotsedwapo. Awerenge funsolo mmene lalembedwera, chifukwa sukulu zimafunsa mosiyana, zina zimafuna ngakhale milandu imene inafufutidwa. Akakayika, anene. Mowa wa ali ndi zaka 19 sungamulepheretse kulowa. Chimene chimavuta n'chakuti akamaliza sukulu, a bar amafufuza mbiri yake yonse ndipo amaitanitsa fomu imene analemba polowa. Akapeza kuti kumeneko anabisa, mlandu sukhalanso wa mowa koma wa bodza, ndipo munthu akhoza kukhoza mayeso n'kukhala miyezi osalumbiritsidwa.

Bambo Mbewe:
Chabwino, mwandichulukira. Koma ngati adikiredi, m'nkhani ija amalemba yodzifotokoza aikemo za umphawi wa kwathu, njala, kuyenda wapansi popita kusukulu. Azungu zimenezi zimawagwira mtima. Kalata ya umboni ndikamupemphera kwa abusa, ndiponso ndili ndi mnzanga amene anakhalapo phungu.

Mayi a Tadala:
Achimwene, mwana ameneyu anachoka ku Malawi ali ndi zaka 6. Wapansi wake uti? Sukulu yonse wapita pa basi yachikasu.

Nachisale:
Kkkkk ndafa ine.

Chikondi wa ku Chicago:
Ankolo, owerenga nkhani zimenezi amawerenga masauzande pachaka, nkhani yobwereka amainunkhiza pa ndime yoyamba. Ndi masamba awiri okha, ndipo akufuna aone mmene mwanayo amaganizira ndi mmene amalembera. Tadala ali ndi zake zenizeni. Ine ndikukumbuka akadali ku high school ankakhala ndi azimayi a gulu lino kuwawerengera makalata a landilodi ndi a inshuwalansi, n'kumawamasulira m'Chichewa mzere ndi mzere, mpaka mayi wina anabwezeredwa dipoziti yake. Nkhani ndi imeneyo. Chigamulo cha Supreme Court cha mu Juni 2023 chinaletsa sukulu kutenga munthu poyang'ana mtundu wake, koma sichinaletse mwana kufotokoza mmene moyo wake, kuphatikizapo kumene akuchokera, wamuumbira. Ndiye za Umalawi wake alembe ndithu, koma zimene anaziona ndi maso ake.

Makalata a umboni akhale a mapulofesa amene anamuphunzitsa n'kuchonga zolemba zake, awiri akwana. Abusa amamukonda, koma sangathe kunena ngati amatha kusanthula nkhani yovuta. Phungu amene sanamuonepo ndiye ayi. Awapemphe panopa asanachoke pa koleji, akadali kumukumbukira nkhope. Makalatawo LSAC imasunga, adzagwira ntchito chaka chamawa.

Bambo a Tadala:
Nanga chaka chimenechi azidzatani? Kukhala pa sofa ndi mabuku a LSAT? Pamenepo ndiye sitigwirizana.

Che Jafali:
Agwire ntchito, bambo. Maofesi a maloya amalemba omaliza koleji ngati othandizira, makhoti a m'maboma nawonso, ngakhalenso mabungwe othandiza anthu osauka pa milandu. Kumeneko adzaona kuti uloya weniweni ndi mapepala, mafoni ndi masiku otsekera, osati zokuwa za pa TV zija. Akadzaukondabe ataona zimenezo, ndiye kuti ndi wake. Sukulu nazo zimakonda amene anagwirako ntchito, m'sukulu zapamwamba ambiri olowa sachokera ku koleji mwachindunji. Muno mu Indiana muli Notre Dame, muli Maurer ku Bloomington, muli McKinney ku Indianapolis imene ilinso ndi pulogalamu ya anthu apantchito. Ziwiri za Indiana University, Maurer ndi McKinney, fizi yake imatsika kwa okhala mu state muno. Ndipo kumbukirani kuti Valparaiso inali ndi sukulu ya zamalamulo ya zaka zoposa 100, koma inatsekedwa mu 2020. Dzina lakale palokha si chitsimikizo, onani malipoti aja.

Yamikani:
Komanso sikuti asankhe lero. Dipoziti yosungitsa malo nthawi zambiri imafunika mu Epulo. Pakali pano adikire mayankho a sukulu zinazo. Alembere sukulu imene yamutengayi mwaulemu, afunse kuti curve yawo ya chaka choyamba ili pa nambala yanji, ndiponso ngati angachotse lamulo la 3.0 kuti likhale longoti asalephere. Kupempha n'kololedwa, ena amavomera, makamaka ukawaonetsa kalata ya sukulu ina. Ine ndinalibe wondiuza zimenezi. Chimodzi chokha: ngati sukulu ina itamuuza za binding early decision, adziwe kuti akalowa mmenemo walonjeza kupita akamutenga, ndipo mphamvu yokambirana za ndalama yathera pomwepo.

Bambo Mbewe:
Ine ndikuonabe kuti mukumuopseza mwana. Anthu ena analowa ndi malikisi ochepa kuposa amenewa ndipo lero ndi majaji. Si onse amene analandidwa sikolashipu.

Chikondi wa ku Chicago:
Zoona Ankolo, alipo, ndipo ena ndimagwira nawo ntchito. Akanakhala kuti walemba katatu, wakonzekera mokwanira, malikisi akungoima pamodzimodzi, ndikanati apite kumene kuli kotchipa ndipo akalimbikire. Kapena sikolashipuyo ikanakhala yopanda lamulo lija, sukuluyo n'kukhala yoti omaliza ake amakhoza bar ndi kupeza ntchito, sindikanamuletsa. Koma uyu walemba kamodzi, mothamanga, ndipo amene akupempha kulembanso ndi mwini wake. Ana ambiri timachita kuwakakamiza kuti abwereze, uyu akudzipempha yekha.

Mayi a Tadala:
Usiku wathawu tinakhala pansi atatu, lipoti la 509 lija tinalitsegula pa laputopu ya Tadala. Kabokosi kaja tinakapeza pa tsamba lomaliza. Bambo ake anavala magalasi, anawerenga kawiri, n'kufunsa ngati nambala ya olandidwayo ndi ya chaka chimodzi kapena ya zaka zonse chiyambire sukuluyo. Atauzidwa kuti mzere uliwonse ndi chaka chake, anangoti "Hmm," n'kupita kukagona. Tadala walembera sukuluyo m'mawa uno kufunsa za curve ndi za kuchotsa lamulo lija. GPA ija akuti ya LSAC ndi 3.46.

Bambo a Tadala:
Sindinagonje, musandinamizire pagulu. Ndanena kuti tidikire yankho lawo mpaka Epulo. Akachotsa lamulo la 3.0, tikhalanso pansi. Akakana, alembe mu Juni, koma pofika Julayi ndikufuna ndione kalata ya ntchito, ndipo inshuwalansi ya galimoto azilipira yekha. Za kumudzi ndiwauza ndekha, wina asanditsogolere.

Nachisale:
Achimwene, azakhali ake a ku Ntcheu aja alemba kale pa Facebook, ndaona dzulo. Mpaka chithunzi cha wigi aikapo.

Che Jafali:
Mayi a Tadala, muuzeni mwanayo anditumizire CV yake sabata ino, ya tsamba limodzi. Ndikudziwa ofesi ina ku Indianapolis imene imatenga omaliza koleji chilimwe chilichonse, ndipo amayamba kuyang'ana mayina mu Febuluwale. Kulembetsa mayeso a Juni kumatsekedwa kukadali milungu ingapo, ndiye tsikulo alione pa webusayiti ya LSAC lero lomwe, asadikire yankho la sukulu ija.